Drone isananyamuke pachipatala: zoyenera kuyang'ana, ndi zochita zinthu zikavuta m'mwamba

Mu March 2016, boma la Malawi ndi bungwe la UNICEF anayesa kuona ngati ndege zazing'ono zouluka popanda munthu m'kati, zomwe tazolowera kuzitchula kuti ma drone, zingathe kunyamula magazi a makanda okayezedwa HIV. Ndegezo zinali za kampani ya Matternet ya ku America, ndipo zinkauluka mtunda wa makilomita pafupifupi 10 kuchoka pachipatala chaching'ono kupita ku labotale ya pa Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe. Mu June 2017 ku Kasungu kunatsegulidwa dera loyeserako ma drone ogwira ntchito zothandiza anthu, lomwe limafika makilomita 40 mbali zonse kuchokera pabwalo la ndege la m'bomalo. Mu January 2020 sukulu ya African Drone and Data Academy inayamba kuphunzitsa achinyamata ku Lilongwe. Ofufuza za malungo agwiritsapo ntchito ma drone kujambula madamu ndi zithaphwi momwe udzudzu umaswana ku Kasungu, ndipo zipatala zina za ku Nsanje ndi Chikwawa zalandirapo mankhwala ndi katemera kudzera m'mwamba.

Woyendetsa drone amakhala munthu wophunzitsidwa, koma nthawi zambiri sakhala pamalo pomwe drone ikutera. Amene amakhalapo ndi namwino, mlangizi wa zaumoyo, mlonda wa pachipatala kapena munthu wodzipereka wa m'mudzi. Iwowa ndi amene amathamangitsa ana pabwalo, kutsegula bokosi la katundu, kusintha batire, ndiponso kufika koyamba pomwe drone yagwa. N'chifukwa chake nkhaniyi ikukhudza inuyo ngakhale simunagwirepo rimoti.

Chifukwa chake drone yamapiko ozungulira siikhululuka

Drone yomwe tikukamba pano ndi ija imanyamuka choongoka m'mwamba ngati helikopita, yokhala ndi mamota anayi, asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu, iliyonse ndi mapiko ake ozungulira. Pa ya mamota anayi, awiri amazungulira kumanja ndipo awiri kumanzere kuti thupi la drone lisamazungulire lokha. Kakompyuta ka m'kati kamasintha liwiro la mota iliyonse kambirimbiri pa sekondi imodzi, ndipo ndi kusinthasintha kumeneku komwe kumaiimitsa bwino m'mwamba. Ndege yamapiko otambalala injini ikazima imatha kuyandama pamphepo n'kutsika pang'onopang'ono. Drone ya mamota anayi ikataya mota imodzi kapena phiko limodzi imagwa ngati mwala, ndipo kuchokera pa mamita 100 imafika pansi m'masekondi osakwana khumi. Ya mamota asanu ndi limodzi nthawi zambiri imatha kutera mota imodzi itafa, ngakhale movutikira. Ma drone ambiri onyamula mankhwala mitunda italiitali ali ndi mapiko otambalala, komabe ponyamuka ndi potera amadalira mapiko ozungulira omwewa, choncho zoopsa za pabwalo n'zofanana.

Nthawi yoganiza zinthu zikavuta imakhala yochepa chonchi, ndiye kuganiza kwambiri kumayenera kuchitika drone ikadali pansi. Oyendetsa ndege anaphunzira izi mu 1935, pamene ndege yatsopano ya kampani ya Boeing yotchedwa Model 299 inagwa itangonyamuka ku Wright Field m'chigawo cha Ohio, chifukwa chotsekera ziwongolero chinaiwalika chisanamasulidwe. Oyendetsawo anali akatswiri odziwa ntchito. Pambuyo pa ngoziyo ndi pomwe kunayamba mwambo wowerenga mndandanda wa zoyenera kuyang'ana ndege isananyamuke. Azaumoyo mwambowu mukuudziwa kale: mndandanda wa m'chipinda cha opaleshoni womwe bungwe la WHO linatulutsa mu 2008 unatengera nzeru yomweyi, ndipo kafukufuku wa m'zipatala zisanu ndi zitatu, kuphatikizapo cha ku Ifakara ku Tanzania, anapeza kuti imfa za pambuyo pa opaleshoni zinatsika kuchoka pa 1.5 peresenti kufika pa 0.8 peresenti. Mndandanda wa drone nawo umawerengedwa mokweza, wina akuwerenga, wina akugwira chinthucho n'kuyankha. Kuchonga mabokosi onse pakamodzi drone itapita kale n'chimodzimodzi kulemba kutentha kwa thupi la wodwala musanamuyeze.

Batire

Ngati pali chinthu chimodzi choti munthu wa pachipatala achidziwe bwino, ndi batire. Ma drone ambiri amagwiritsa ntchito mabatire a lithium, makamaka mtundu wotchedwa LiPo. Batire lotere limapangidwa ndi maselo angapo olumikizidwa. Selo lililonse likadzaza limafika pa 4.2V, mphamvu yake yapakati ndi 3.7V, ndipo likatsika kupitirira pa 3.0V limawonongeka. Woyendetsa asanaulutse amayang'ana ngati maselo onse ali ndi mphamvu yofanana, chifukwa selo limodzi lofooka limatha kugwetsa mphamvu ya batire lonse mwadzidzidzi drone ikamakwera kapena ikamalimbana ndi mphepo, sikirini ikuonetsabe kuti moto ulipo wambiri.

Zina simufunika chida kuti muzione. Batire lofufuma, lophwanyika pakona, lotuluka fungo lachilendo, kapena lomwe mawaya ake asupuka, lisalowe mu drone ndipo lisatchajidwe. Kufufumako ndi mpweya womwe wapangika m'kati chifukwa maselo ayamba kuwonongeka. Ena amalikanikiza kuti lilowe m'malo mwake poganiza kuti ulendo umodzi wokha silingavute. Batire lomwe silinakhazikike bwino limatha kusuntha m'mwamba, moto n'kuduka, mamota onse n'kuzima pakamodzi. Mukaliika, mverani kulira kwa loko wake, kenaka mulikoke pang'ono kuti mutsimikize.

Kutentha ndi mdani wamkulu wa mabatirewa, ndipo ku Chigwa cha Shire mu October ndi November kumatentha kupitirira madigiri 40. Batire lisasiyidwe m'galimoto yotseka kapena padzuwa podikira ulendo. Lomwe langochoka kouluka limakhala lotentha, choncho lizizire kaye lisanatchajidwe. Potchaja pakhale munthu, batire likhale pasimenti kapena m'bokosi lachitsulo, kutali ndi makatoni, matiresi, mafuta a jenereta ndi spirit. Pachipatala pali choopsa china chomwe oyendetsa ochokera kunja sachiganizira: okosijeni. Chipinda chomwe muli masilinda kapena makina opangira okosijeni si malo otchajiramo kapena kusungiramo mabatire, ngakhale soketi yogwira ntchito itakhala momwemo mokha. Batire loti likhala masiku angapo osagwira ntchito limasungidwa lili ndi moto wapakatikati, pafupifupi 3.8V pa selo, osati lodzaza.

Mapiko ndi thupi la drone siziona nthawi yaitali. Drone ili yozimitsa, yendetsani chala m'mphepete mwa phiko lililonse kuti mumve mng'alu kapena pobenthuka, onani ngati lamangika, ndipo zunguzani mota iliyonse ndi dzanja. Mota yomwe ikulira mchenga kapena ikulimba kusiyana ndi zinzake ndi chifukwa chokwanira choimitsira ulendo. Phiko long'aluka silimatidwa ndi guluu, limachotsedwa.

Katundu wathu

Apa ndi pomwe udindo uli wa azaumoyo kwathunthu. Drone iliyonse ili ndi malire a kulemera komwe inganyamule, ndipo malirewo amatsika kukatentha kapena pamalo okwera, chifukwa mpweya umakhala wopepuka ndipo mapiko amavutika kuugwira. Lilongwe ndi Kasungu zili pamtunda wa mamita opitirira 1,000 kuchokera pamwamba pa nyanja yamchere. Katundu ayezedwe pasikelo, ndi ma ice pack omwe. Kuwonjezera kabotolo kamodzi chifukwa malo atsala kumadya batire lomwe woyendetsa anawerengera kuti lidzabweza drone. Katunduyo akhalenso pakati ndipo asamagwedezeke, chifukwa akatsetserekera mbali imodzi mamota a mbali imeneyo amagwira ntchito mopitirira ndi kutentha.

Magazi, makhololo ndi zina zokayezedwa zimapakidwa katatu, monga mwa malamulo a zinthu za m'gulu la UN3373: chubu chotseka bwino, kenaka chotengera chachiwiri chosadontha chokhala ndi thonje kapena pepala lokwanira kumwa madzi onse chubu chitasweka, kenaka bokosi lolimba lakunja. Pakani ngati kuti drone igwa pabwalo la sukulu. Magazi ouma a papepala ndi osaopsa kwenikweni poyerekeza ndi a m'chubu, koma nawonso akhale m'thumba lotseka. Katemera ayende pakati pa madigiri 2 ndi 8, ndipo kumbukirani kuti m'kabokosi kakang'ono ka drone botolo limakhala pafupi kwambiri ndi ice pack, moti katemera woopa kuundana monga wa pentavalent, wa kafumbata ndi wa HPV akhoza kuwonongeka ndi kuzizira.

Bwalo, mphepo ndi anthu

Malo onyamukira akhale athyathyathya, opanda miyala ing'onoing'ono ndi zinyalala, ndiponso kutali ndi mitengo, zingwe zoyanikira zovala ndi mawaya a magetsi. Mphepo ya mapiko imaulutsa chilichonse chopepuka. Mkeka, chitenje kapena lona wosakhomerera pansi amanyamuka n'kukola m'mapiko. M'chilimwe kuwaza madzi pabwalo kumachepetsa fumbi lolowa m'mamota ndi m'maso mwa anthu.

Chitsulo chimasokoneza kampasi ya drone, yomwe imaiuza komwe yayang'ana. Denga lamalata, boneti ya ambulansi, thanki yamadzi, ngakhale simenti yokhala ndi zitsulo m'kati zimatha kuinamiza. Vuto lake limaonekera drone itakwera kale, pomwe kampasi ndi GPS zayamba kutsutsana. Sikirini ikachenjeza za kampasi, sunthani drone muiike pena, osangotseka uthengawo.

Drone isananyamuke imafunika kugwira ma setilaiti okwanira ndi kusunga malo omwe yanyamukira, chifukwa ndi komwe imabwerera yokha ikasiya kumvana ndi rimoti. Woyendetsa wopupuluma akainyamutsa isanasunge malowo, ikhoza kusowa kobwerera. Palinso msinkhu womwe drone imakwera kaye isanayambe ulendo wobwerera. Msinkhu umenewu ukhale woposa chinthu chachitali kwambiri panjira yonse. Mabulugamu okhwima amapitirira mamita 30, ndipo nsanja za mafoni zimaposa pamenepo. Munthu wa m'deralo ndi amene amadziwa komwe kwamangidwa nsanja yatsopano yomwe pamapu palibe, ndiye muuzeni woyendetsa. M'mayiko ambiri drone siiloledwa kupitirira mamita 120 kuchokera pansi kapena kuyandikira bwalo la ndege popanda chilolezo chapadera, ndipo zilolezo za kwathu kuno zimachokera kwa oyang'anira maulendo a ndege.

Mphepo ya pansi imanamiza. Pabwalo lotchingidwa ndi nyumba pamakhala bata pamene m'mwamba mukuwomba kwambiri, choncho yang'anani nsonga za mitengo ndi kuthamanga kwa mitambo. Ma drone ang'onoang'ono ojambulira ambiri amalimba mpaka mphepo ya mamita pafupifupi 10 pa sekondi. M'mbali mwa nyanja mwera umawomba mwamphamvu m'miyezi yozizira, ndipo mu October masana kumabuka akamvuluvulu popanda chenjezo. M'dzinja mtambo wakuda umabwera ndi mphepo yamkuntho mvula isanagwe. Ngati pali kusankha, drone ipite molimbana ndi mphepo batire likadali lodzaza, idzabwerere mphepo ikuikankha. Ikapita mokankhidwa imafika msanga, woyendetsa n'kukondwa, koma pobwerera batire limathera panjira.

Anthu aime patali, kumbuyo kwa mzere womwe mwagwirizana ndi woyendetsa, ndipo munthu mmodzi akhale ndi ntchito yoyang'ana ana, agalu ndi mbuzi basi. Palibe woyandikira mpaka mapiko ataima ndipo woyendetsa wanena. Mapikowa amazungulira maulendo zikwi zingapo pa mphindi ndipo amacheka zala ndi nkhope. Kuuza mafumu, makomiti a zaumoyo ndi aphunzitsi ntchito isanayambe kulinso m'gulu la chitetezo. Ambiri tikukumbukira mphekesera za anamapopa mu 2017 ku Mulanje, Phalombe ndi maboma oyandikana nawo, zomwe zinaphetsa anthu. Drone yonyamula magazi ikagwa m'mudzi momwe anthu sanauzidwe kanthu, woyamba kufunsidwa ndi mlangizi wa zaumoyo yemwe amakhala momwemo.

Woyendetsa nayenso ayang'anidwe. Munthu amene wachezera usiku wonse, wamwa mowa, ali ndi malungo kapena wamwa mankhwala ogonetsa monga piriton asagwire rimoti. Chovuta kuposa zonsezi ndi kukakamizika. Mayi akutaya magazi atabereka, oxytocin watha, ndipo kumadzulo kwachita mdima wa mvula. Aliyense pamenepo amafuna kuti drone inyamuke. Koma ikagwa panjira mankhwala safika, nthawi yomwe njinga yamoto ikanakhala itayenda yatayika, ndipo zipatala zina zonse zodalira drone imeneyo zikhala masabata osathandizidwa. Malire a mphepo, mvula ndi batire alembedwe tsiku la bata, ndipo woyendetsa akakana, mawu ake asatsutsidwe ndi wamkulu wa chipatala. Nambala ya wanjinga yamoto kapena ambulansi ikhale pakhoma pomwepo.

Zinthu zikavuta m'mwamba

Kusiya kumvana ndi rimoti ndi vuto lofala, ndipo nthawi zambiri limatha bwino ngati zokonzekera zija zinachitika. Drone imadikira pang'ono, kenaka imakwera n'kubwerera. Woyendetsa sazimitsa rimoti, amangolozetsa bwino tinyanga take kapena kusuntha kuti pasakhale nyumba pakati. Ntchito yanu ndi kuchotsa anthu pabwalo, chifukwa drone ikubwera yokha ndipo itera pomwe inanyamukira kaya pali munthu kaya palibe.

Batire likatsika, drone imachenjeza kawiri. Chenjezo loyamba ambiri amaliika pa 30 peresenti, ndipo limatanthauza kubwerera nthawi yomweyo. Lachiwiri likafika, drone imayamba kutsika pomwe ili. Ikakhala kutali ndipo ikulimbana ndi mphepo, n'kwanzeru kuiteretsa m'munda kapena pabwalo la mpira lopanda anthu kusiyana ndi kuiumiriza kuti ifike. Malo otere amasankhidwa ulendo usanayambe, ndipo apanso anthu a m'deralo ndi amene amadziwa kuti bwalo lakutilakuti Lachitatu pamakhala msika.

GPS kapena kampasi ikasokonezeka, drone imayamba kuzungulira mozungulira mokulirakulira kapena kutengedwa ndi mphepo. Woyendetsa amaiyendetsa ndi manja popanda thandizo la GPS, luso lomwe limafuna kuyeserera kawirikawiri pamalo opanda anthu. Kudina batani lobwerera panthawi imeneyi n'koopsa, chifukwa drone yosadziwa pomwe ili siingadziwe kobwerera. Ikathawa osamveranso chilichonse, wina alembe nthawi, mbali yomwe yalowera, msinkhu wake ndi moto womwe unatsala, popeza izi ndi zomwe zimasonyeza mtunda womwe ingafike. Ngati yalowera kubwalo la ndege monga la Chileka kapena la Kamuzu International, oyang'anira bwalolo aimbiridwe foni msangamsanga.

Ndege kapena helikopita yokhala ndi anthu ikamveka, drone imatsika ndi kupatuka nthawi zonse. Izi zimachitika kwambiri nthawi ya ngozi za madzi osefukira, monga pa namondwe wa Freddy mu March 2023, pomwe ndege zopulumutsa anthu zimauluka motsika m'madera omwewo omwe ma drone akujambula. Mbalame nazo zimalimbana ndi drone, makamaka akabawi ndi akhwangwala nthawi yoswa. Mbalame zolusa zimaukira kuchokera pamwamba, ndiye oyendetsa ambiri amakweza drone mofulumira n'kuichotsa pamalopo. Kutsika choongoka mothamanga kuli ndi vuto lakelake: drone imalowa mumphepo yovunduka ya mapiko ake omwe, n'kuyamba kugwedezeka ndi kugwa, ndipo kuwonjezera mphamvu sikuthandiza. Imapulumuka poyendetsedwa cham'mbali kapena kutsogolo kuti ipeze mpweya wabata.

Ma drone ambiri ali ndi njira yozimitsira mamota onse ali m'mwamba. Imagwiritsidwa ntchito pokhapokha drone ikulunjika pa anthu ndipo kugwa pomwe ili n'kochepa kuopsa kwake. Inu muli pansi, mukamva woyendetsa kapena womuthandiza akukuwa, yang'anani kumwamba, thawirani cham'mbali kapena pansi pa denga, ndipo musayese kuiwakha.

Ikagwa

Yambani ndi anthu. Bala la phiko limakhala lakuya ndipo nthawi zambiri amakhala angapo ondondozana. Panikizani kuti magazi asiye, tsukani, onani ngati mitsempha ya zala ikugwira ntchito, ndipo funsani za katemera wa kafumbata. Wovulala m'diso kapena wogundidwa m'mutu atumizidwe kuchipatala chachikulu. Drone yomwe yagwa ikhoza kuzungulitsanso mapiko, choncho isagwiridwe mpaka woyendetsa atatsimikiza kuti yazima.

Batire lomwe lagwa lionedwe ngati lowonongeka ngakhale likuoneka labwino, chifukwa limatha kuyaka patapita mphindi kapena maola. Likamatentha, kufufuma, kulira ngati likutuluka mpweya kapena kufuka, aliyense atalikire ndipo aime mbali yomwe mphepo ikuchokera. Utsi wake uli ndi poizoni wowononga mapapo ndi maso. Moto wa batire la lithium umadzidyetsa wokha, selo limodzi likuyatsa linzake, moti umatha kuzima n'kuyakanso. Madzi ambiri amathandiza kuliziziritsa ndi kuteteza udzu wozungulira, ndipo mchenga umaletsa moto kufalikira. Wopsa athiridwe madzi ozizira oyenda kwa mphindi 20. Batire lomwe silinayake linyamulidwe ndi fosholo, liikidwe panja pamchenga kapena mu ndowa yachitsulo yosatseka, kutali ndi nyumba, mpaka eni drone adzalitenge. Lisaponyedwe m'ng'anjo yotenthera zinyalala za chipatala, chifukwa limaphulika.

Bokosi la zokayezedwa litsegulidwe ndi wazaumoyo wovala magolovesi. Ngati magazi atayika, thirani kolorini wa 0.5 peresenti monga muchitira m'wodi, tolani magalasi osweka ndi chopanira, ndipo funsani ngati pali mwana kapena wamkulu amene anagwira inu musanafike. Wochekedwa ndi chubu cha magazi aunikidwe ngati akufunika PEP, yomwe imayenera kuyambidwa pasanathe maola 72. Katemera ndi mankhwala apatulidwe osagwiritsidwa ntchito mpaka wa ku pharmacy kapena woyang'anira katemera ataona mabotolo, chizindikiro cha VVM ndi kutentha komwe anadutsamo. Odwala omwe magazi kapena makhololo awo awonongeka alembedwe tsiku lomwelo kuti aitanidwenso, makamaka makanda oyembekezera zotsatira za HIV.

Jambulani malowo musanasunthe zidutswa, ndipo lembani nthawi, nyengo, nambala ya batire, kulemera kwa katundu ndi zomwe mboni zinaona. Lembaninso zomwe zinatsala pang'ono kuchitika, monga mwana amene anathamangira pabwalo drone ikutera kapena batire lomwe linapezeka lofufuma m'mawa, ndipo lipotilo lipite kwa eni drone ndi ku ofesi ya zaumoyo ya boma lanu.